Funsani Azakhali: Amayi akukana kuyezetsa DNA, ndiwanamize?

FUNSO: Azakhali, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain kuno. Ana anga awiri anabadwira konkuno ndipo amandifunsa kuti kodi ife ndi a mtundu wanji kwenikweni. Ndagula pa intaneti timabokosi toyezera DNA, ija ya m'thupi imene timatengera kwa makolo. Umalavulira m'kabotolo n'kutumiza pa positi, ndiye amakuuza kumene makolo ako anachokera komanso kukupezera abale. Pa Khirisimasi ndikupita kwathu ku Ntcheu ndipo ndimafuna amayi, omwe ali ndi zaka 79, ndi achimwene anga alavulire. Amayi akana, akuti malovu awo sapita kunja. Achimwene angoti "zisiye zimenezo" osafotokoza. Mnzanga akuti ndingowauza amayi kuti n'zoyezera shuga. Amayi akula, mwayi wina sudzapezekanso. Chilipo cholakwika ngati cholinga changa chili chabwino? (Mayi wa ana awiri, Leicester)

YANKHO: Mwana wanga, chilipo, ndipo n'chachikulu. Musawanamize amayi.

Choyamba dziwani kuti kumene mukukhalako nkhani imeneyi ndi mlandu. Lamulo la ku Britain la mu 2004 lotchedwa Human Tissue Act limaletsa kusunga malovu, tsitsi kapena china chilichonse cha m'thupi la munthu n'cholinga chokachiyezetsa DNA mwini wake asanavomere, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 3 m'ndende. Munthu amene wauzidwa kuti n'zoyezera shuga sanavomere zoyeza DNA. Kwathu kunonso kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuliyang'anira. Koma ine sindikufuna muleke chifukwa choopa apolisi. Ndikufuna muone chimene chili m'kabotolo kameneko.

Theka la DNA yanu munalitenga kwa amayi, theka linalo kwa abambo. Abale a bere limodzi ndi bambo mmodzi amafanana pafupifupi 50 peresenti. Akakhala a mayi mmodzi koma abambo osiyana, zimatsika kufika cha m'ma 25 peresenti. Kompyuta ya kampaniyo imawerengetsa zimenezi yokha, ngakhale inu musanafunse, n'kukulemberani pa foni kuti uyu ndi m'bale wanu wotere. Tsono bwererani ku mawu a achimwene anu aja. Sindikunena kuti m'banja mwanu muli chobisika. Mwina iwo akungonyansidwa nazo basi. Koma ndi mabanja angati amene analera mwana wa malemu mng'ono wawo ngati wawo, osamuuza? Ndi amuna angati amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni n'kupeza khanda pakhomo, n'kusankha kukhala chete ndi kulilera? Nkhani zotere akuluakulu anazikambirana pansi pa mtengo, malume analipo, zinatha. Munthu amene ali ndi ufulu wozitsegulanso ndi mwini wake. Inu mukanama, mukhala mwatsegula chitseko cha kuchipinda cha amayi anu iwo atakana kale, ndipo chimene mungachione simungachiiwalenso.

Mwati cholinga chanu n'chabwino. Ndikukhulupirira. Koma mverani za mayi wina wachikuda wa ku America, Henrietta Lacks. Mu 1951 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore akudwala khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala anadula kachidutswa ka chotupacho osamuuza n'kukapereka kwa ochita kafukufuku. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, kusiya ana 5. Maselo (tizigawo ting'onoting'ono ta thupi) a m'kachidutswa kaja sanafe. Anapitiriza kuswana, anagawidwa m'malabotale a dziko lonse, anathandiza poyesa katemera wa poliyo ndi pa kafukufuku wina wosawerengeka, ndipo makampani anapeza nawo ndalama. Ana ake anadzamva za zimenezi patadutsa zaka zoposa 20. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mu 2013 akatswiri ena ku Germany anaika pa intaneti DNA yonse ya maselo aja osafunsa banjalo, chikhalirecho muli zambiri zokhudza thanzi la ana ndi adzukulu ake amoyo. Banjalo litadandaula, anaichotsa, ndipo kuyambira chaka chimenecho anthu a m'banjamo amakhala nawo m'komiti yoona amene akupempha kuigwiritsa ntchito. Palibe dokotala mmodzi pa onsewo amene akanati cholinga chake chinali choipa. Chimene analephera n'kufunsa. Inu mwafunsa, ndipo mwayankhidwa.

Mawu a amayi anu akuti malovu awo sapita kunja musawatenge ngati umbuli wa kumudzi. Agogo athu ankasamala kumene tsitsi lawo lometa latayidwa. Zifukwa zawo zinali zina, koma funso lawo lija, loti chochoka m'thupi langa chigwera m'manja mwa yani, lero likufunsidwa m'makhoti. Mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'kampani ya 23andMe, imodzi mwa zazikulu pa malonda amenewa. Anathyola maakaunti pafupifupi 14,000 okha, pogwiritsa ntchito mapasiwedi amene anthu ankawagwiritsanso ntchito kwina. Koma popeza maakaunti ambiri anali olumikizidwa ndi a abale, anatenga zokhudza anthu pafupifupi 6.9 miliyoni. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwo. Ambiri mwa anthu amenewo sanalakwitse kalikonse, anangokhala achibale a munthu wosasamala. Mu March 2025 kampaniyo inakadziwitsa khoti kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo DNA ya makasitomala pafupifupi 15 miliyoni inakhala gawo la katundu wogulitsidwa. Pasiwedi ikabedwa mumasintha. DNA ya amayi anu simungaisinthe, ndipo ili mwa inu, mwa achimwene anu, mwa ana anu ndi adzukulu amene sanabadwe.

Kuti muone kutalika kwa mkono wa zinthu zimenezi: mu April 2018 apolisi a ku California anagwira Joseph DeAngelo, yemwe anapha ndi kugwiririra anthu ambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Iye sanatumizepo malovu kulikonse. Anamupeza kudzera mwa achibale ake akutali amene anaika DNA yawo pa GEDmatch, malo a pa intaneti ofufuzira achibale, pofuna kudziwa za makolo awo. Ine ndinakondwa kuti chigawenga chinagwidwa. Koma njira yomweyo ingagwiritsidwenso ntchito ndi munthu amene si wapolisi wofuna chilungamo.

Chimene chikundimvetsa chisoni n'chakuti mungawononge ubale ndi amayi chifukwa cha yankho lochepa kwambiri. Makampani amenewa amayerekezera DNA yanu ndi ya anthu amene ali nawo kale m'makompyuta awo, ndipo ochuluka ndi ochokera ku Ulaya. Mzungu amatha kuuzidwa mpaka dera la m'dziko lake. Ife nthawi zambiri amatitchulira chigawo chachikulu cha Africa chimene munkachidziwa kale. Komanso ganizirani mbiri ya kwanu ku Ntcheu. Angoni anachoka kummwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo m'njira monse ankatenga anthu a mitundu ina n'kuwasandutsa Angoni. Atakhazikika anakwatirana ndi Achewa ndi ena amene anawapeza. Ungoni unayenda kudzera m'mayina, m'mfunda, m'ngoma ndi m'kaleredwe. Kabotolo sikangauze ana anu kuti ndi a kwa Gomani, kapena kuti agogo a agogo awo anali ndani.

Amene angawauze ndi amayi anu omwewo. Pa Khirisimasipo asiyeni timabokosito m'chikwama. Khalani nawo pakhonde pamodzi ndi ana, muwafunse mayina a amayi awo ndi agogo awo, mfunda wawo, mudzi umene anasamuka, manda a makolo ali kuti, anakumana bwanji ndi abambo anu. Mukafuna kujambula mawu pa foni, apempheni kaye, ndipo muwauze amene adzamvetsere. Pamene adumpha dala, musawakakamize. Ngati inu nokha mukufunabe kuyezetsa, thupi ndi lanu, koma auzeni achimwene anu musanatumize, chifukwa zotsatira zanu zikuwakhudza.

FUNSO: Azakhali, ine ndinatumiza kale malovu anga zaka zapitazo, ndisanamve zonsezi. Nditani? (Bambo wa ku Johannesburg)

YANKHO: Bambo, musataye mtima, zina n'zotheka kukonza. Lowani mu akaunti yanu lero. Ngati pasiwedi yake ndi yomweyo ya pa Facebook kapena imelo, isintheni, ndipo tsegulani njira ija yoti azikutumizirani nambala ya chinsinsi pa foni mukamalowa. Zimitsani gawo lokulumikizani ndi abale ngati simukulifuna. Onani ngati munavomera kuti DNA yanu izigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku, chifukwa ambiri amadina povomera asanawerenge. Zimenezi ndi malonda enieni: mu 2018 kampani yopanga mankhwala ya GlaxoSmithKline inaika madola 300 miliyoni mu 23andMe kuti azichitira limodzi kafukufuku. Mukafuna kutulukiratu, sungani kaye zotsatira zanu pa kompyuta yanu, kenako pemphani kuti afafanize akaunti ndiponso kuti ataye malovu amene anasunga. Zinthu ziwirizi onetsetsani kuti mwapempha zonse, ndipo imelo imene akuyankheni muisunge. Zimene zinalowa kale m'kafukufuku amene anachitika sizibwezedwa. Ngati munakopera zotsatirazo n'kukaziika pa GEDmatch kapena malo ena otero, kumenekonso mukafafanize padera.