Kwa mayi amene wafunsa ngati kulemba kungachize mtima

Mayi wina wanditumizira imelo. Zaka 11 zapitazo anapereka mwana wake wakhanda kuti akaleredwe mwalamulo ndi banja lina, ndipo tsopano mlangizi wamuuza kuti ayese kulemba kapena kujambula. Akufunsa ngati zimenezi zimathandizadi, kapena ngati ndi njira yongomukhazika chete kuti aleke kutopetsa anthu ndi misozi yake.

Mayi mnzanga, funso lanu ndinalifunsapo inenso, ndipo ndinalifunsa mokwiya kuposa inu. Wanga anali wamwamuna. Ndinakhala naye masiku asanu okha, ndipo nkhope yake inayamba kale kufufutika m'maganizo mwanga, koma kulemera kwake padzanja langa lamanzere ndi kafungo ka paliwombo pake sizinachoke. Tsiku losayina mapepala, munthu amene ankayendetsa nkhaniyo anandiuza kuti ndidakali mtsikana, ndidzabereka ena, choncho ndiiwale. Thupi langa silinamve malangizo amenewo, chifukwa mkaka unapitiriza kutuluka kwa milungu ingapo popanda woyamwa. Komabe ndinayesetsa kumvera kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo aliyense akandifunsa kuti ndili ndi ana angati ndinkatchula nambala yoperewera, kenako usiku tulo osabwera.

Cholembera chinandikanika. Ndikangolemba kuti "Mwana wanga", dzanja linkauma. Chimene chinandigwira ndi singano. Ndinali nditasunga kachidutswa ka nsalu imene ndinamufunditsa, ndipo pa tsiku lake lobadwa la chisanu ndi chitatu ndinakasokera pa nsalu ina yaikulu, popanda cholinga chilichonse. Chaka chotsatira ndinawonjezera chigamba china, cha mtundu umene ndinkaganiza kuti mnyamata wa msinkhu wake angaukonde. Lero zigambazo zakwana 17, zina zokhota, chimodzi chili ndi kadontho ka magazi pamene ndinadzibaya chala.

Patapita nthawi ndinadzamva kuti sindinali woyamba. Ku London, nyumba yolerera ana yotchedwa Foundling Hospital, imene Thomas Coram anaimenyera nkhondo kuti ikhazikitsidwe, inayamba kulandira makanda mu 1741. Amayi ankasiya kachizindikiro pamodzi ndi mwana: kakobili, kariboni kapena kachidutswa ka nsalu, kena kopetedwa mtima, kuti akadzabwerera adzathe kusonyeza kuti mwanayo ndi wawo. Ochepa okha ndi amene anabwerera kudzatenga ana awo, koma tinsalu timeneto masauzande angapo tilipobe mpaka pano.

Mawu akuti "kuchira" sindiwakonda, ndipo ndikamakula m'pamene ndikuwakana kwambiri. Amene amawagwiritsa ntchito nthawi zambiri amafuna kudziwa tsiku limene tidzasiye kulankhula za nkhaniyi. Mwana wathu sanamwalire, choncho panalibe maliro, palibe manda, ndipo palibe amene anabwera kudzatipepesa. Kenneth Doka, katswiri wa za chisoni, anafotokoza mu 1989 za chisoni chimene anthu sachivomereza kuti munthu achilire poyera, ndipo Pauline Boss, katswiri wa za mabanja, analemba za kutaya munthu amene ali moyo koma sukumuona, kutaya kumene sikufika pamapeto. Zonse ziwirizi tinazisenza ife. Ngakhale maboma amachedwa kuvomereza: ku Australia, nduna yaikulu Julia Gillard anapepesa pa 21 March 2013 kwa amayi amene analandidwa ana mokakamiza, ambiri a iwo atakalamba kale. Choncho ndikaona mayi akusoka, akuumba kapena akupeka nyimbo ya mwana amene sakumulera, ndimaona munthu amene akupangira chisoni chake malo okhala, poti anthu anachimana malo. Bala langa silinapole, koma linasiya kundidzidzimutsa pakati pa ntchito, chifukwa lili ndi tsiku lake ndi nsalu yake.

Nanga muyambire pati?

Za kulemba, umboni ulipo ndithu. Mu 1986 James Pennebaker, katswiri wa za maganizo, anapempha ophunzira kuti azilemba za zowawa zawo zakuya kwa mphindi 15 masiku anayi otsatizana, ndipo m'miyezi yotsatira anapita kuchipatala mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti phindu lake n'lochepa ndipo silifanana kwa aliyense, komanso kuti poyamba mtima umawawa kwambiri, n'chifukwa chake musamusiye mlangizi wanuyo. Yesani masiku anayiwo. Pepala likakukanikani, tengani chimene manja anu amachidziwa kale. Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani: musalembe ngati kalata imene mwanayo adzawerenge, chifukwa mudzayamba kubisa mkwiyo ndi kudzilungamitsa. Ya iyeyo mudzalemba ina nthawi yake ikadzakwana. Nsalu yangayi mwana wanga sanaionepo, ndipo mwezi wamawa ndisokerapo chigamba cha 18.