Galu wachiwiri pakhomo pomwe pali kale mwini wake

Mayi wina wa ku Mpondasi kuno ku Mangochi wanditumizira kalata pa imelo. Ali ndi galu wamwamuna wa zaka 6, dzina lake Bingo, yemwe wakula yekha pakhomo. Mchemwali wawo wa ku Blantyre wawauza za galu wamkazi amene ali kumalo osungira agalu osowa mwini, ndipo mtima wawo wagwa pa iye. Koma bambo a kunyumba akukana, akuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mayiwa akufunsa ngati agalu awiriwa sadzaphana.

Mayi, mutengeni, koma musamulowetse pakhomo tsiku lomwe wafika ngati katundu wochokera kumsika. Mwambi wa bambowo uli ndi choonadi chake, kungoti agalu anu si atambala awiri. Wamwamuna ndi wamkazi ndi amene amagwirizana msanga. Ndewu zoopsa zomwe ndaona zinali za aakazi awiri, kapena aamuna awiri osafula.

Musanakwere naye galimoto, funsani khadi lake la katemera. Mabungwe osamalira zinyama monga BSPCA ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe ali ndi madokotala a ziweto, choncho afunseni mosabisa: anabayidwa liti katemera wa chiwewe, anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, anatsekedwa kubereka? Afunseninso mmene amakhalira ndi agalu anzake m'khola, komanso ngati angalole kuti mumusunge kaye masabata awiri mongoyesa. Bingo nayenso akaonekere kwa a vetenale kuno kuboma. Za chiwewe sindinyengerera, chifukwa zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, pa galu kapena pa munthu, mapeto ake ndi maliro.

Ulendo wochoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde ndi wautali kwa galu, ndipo adzafika atatopa, ali ndi mantha, mwina atasanza. Tsiku limenelo agone payekha, kukhitchini kapena m'khola lotseka, ali ndi madzi. Bingo adzamva fungo lake pansi pa chitseko, ndipo izi ndi zokwanira pa tsiku loyamba.

Mawa lake m'mamawa, dzuwa la kuno lisanayambe kuotcha mchenga, atulutseni onse kunja kwa mpanda. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Pakhomo ndi pa Bingo, wakodzera ngodya iliyonse kwa zaka 6, ndipo mlendo wolowa pageti amamuona ngati wolanda. Pabwalo lampira kapena pamsewu wafumbi palibe mwini. Mukhale anthu awiri, aliyense ndi galu wake pa chingwe, muziyenda molowera kumodzi motalikirana mapazi khumi, kenaka muzisendezana pang'onopang'ono. Akafika ponunkhizana kumbuyo asiyeni, ndiwo moni wawo, koma muwerenge mpaka katatu n'kupitiriza ulendo. Chingwe chikhale cholendewera. Mukachikoka mwamantha galu amamva kuti pali choopsa. Yang'anani thupi lonse, osati mchira wokha. Galu wouma thupi, woyang'anitsitsa mnzake, ubweya wa pamsana utaima, kapena woika chibwano paphewa pa mnzake, mutalikitseni. Koma akagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, ameneyo akuitana masewera. Pobwerera alowe pageti limodzi.

Chinthu chimene chinandiphunzitsa ine ndi chakudya. Agalu anga awiri anakhala mwamtendere masiku asanu, kenaka mwana wanga anaponya mutu wa chambo pakati pawo. Khutu la wamng'onoyo linang'ambika, ndipo chipsera chake chimandiwawa mumtima mpaka lero ndikachiona. Choncho nsima ndi usipa wawo muziwapatsa m'mbale ziwiri, wina kuseri kwa nyumba wina kukhonde, ndipo akamaliza muchotse mbalezo. Mafupa asamagone pabwalo. Ana auzidwe zimenezi, chifukwa ndiwo amakonda kuponya makombo. Madzi akhale m'malo awiri amthunzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

Bingo akabangula pang'ono mlendo akamuvuta, musamumenye. Akumuuza malire, ndipo galu amene amamenyedwa chifukwa chochenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza. Mupitirize kumusisita ndi kumupatsa chakudya poyamba monga mwa kale. Ikabuka ndewu musalowetse dzanja, akhuthulireni ndowa ya madzi. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu watsopanoyu sadziwa Mangochi. Masabata oyamba asatuluke yekha, angasochere, kapena kutsikira m'mabango a mu Shire momwe ng'ona zimadikira. Anansi athu ambiri ndi Asilamu, ndipo galu wolowa pakhomo pawo n'kunyambita ziwiya amayambitsa mkangano umene mpanda wabwino ukanaletsa.

Masabata awiri akatha agalu akugona moyandikana pamthunzi wa mango, muzitha kuwasiya okha kwa ola limodzi, kenaka awiri. Koma ngati Bingo wasiya kudya, kapena alumana mpaka magazi kawiri, imbirani kumene munamutenga mukambirane zomubweza, n'chifukwa chake ndati mupemphe masabata oyesa aja.