Tcheyamani wathu ankadya ndi nduna, ine ndinathera pageti

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Poti tcheyamani wa kampani yakuitanani ntchitoyo amadya mbale imodzi ndi akuluakulu a chipani cholamula, mukuona ngati mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe eti? Inenso ndinkaganiza choncho.

Zimenezi si za lero. Nthawi ya Kamuzu, John Tembo anakhala gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984, ndiyenso anakhalapo wapampando wa Press Corporation, wa Air Malawi, mpaka wa khonsolo ya University of Malawi. Munthu mmodzi yemweyo, malume ake a Mama Kadzamira. Koma tayang'anani Aleke Banda amene ankayendetsa Press Holdings. Atasemphana ndi mwini dziko mu 1980 anamutsekera, anatuluka 1992, zaka 12 osamuzenga mlandu. Ngati zinamugwera munthu wamkulu ngati uja, kuli bwanji ife akalaliki?

Ine ndinali ku akaunti pakampani ina ku Limbe, dzina sinditchula. Makontirakiti a boma ankangobwera okha, tcheyamani akangoimba foni basi. Nthawi ya msonkhano wa chipani malole athu ankanyamula anthu, mafuta ndikulemba ine, bwana wanga n'kumati lembani "transport" basi, musafunse zambiri. Ndinkalemba. Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012 zinthu zinatembenuka sabata yomweyo. Mu Meyi kwacha inagwa, boma silikulipira ngongole zathu, foni ya tcheyamani palibe akuyankha.

Tsiku lomwe sindidzaiwala linali Lolemba. Ndatsika minibasi, nsima ndi usipa zili m'kontena, ndafika pageti mlonda wanditsekereza. Mlonda yemwe ndinkamugawira tiyi tsiku lililonse! Ali ndi pepala m'manja, chala chikunjenjemera pa dzina langa, akuti pepani bwana, andiuza kuti musalowe. Anandipatsa envelopu pawindo la kanyumba kake. M'katimo akuti ndinawononga ndalama za mafuta. Mafuta omwe aja! Ndinakhala pamwala pafupi ndi ngalande mpaka 10 koloko, anzanga akudutsa ngati sakundidziwa, wina mpaka kuyamba kuyankha foni yosaitana. Mayi a kunyumba anali ndi pathupi pa miyezi 8, lendi ya ku Bangwe ndisanalipire. Jekete yanga inatsala pampando mu ofesi, mpaka lero.

Chimene chimandiwawa si tcheyamaniyo ayi, iye anangosintha mtundu wa nsalu, pofika Disembala ali kale kutsogolo pamisonkhano ya chipani chatsopano akuvina. Ndi bwana wanga uja. Munthu tinkapemphera mpingo umodzi, ndiye anakauza odita kuti siginecha ndi yanga, iye sakudziwapo kanthu. Ndikamuona pa Facebook akulemba mavesi m'mawa mtima umachita kuti phwii. Kukhoti la za ntchito ndinapitako, nsapato zinatha ndi kuyendera mlandu.

Komabe ntchitoyo kayambeni, musaikane, ntchito zikusowa ndipo makampani oterewa amalipira bwino zinthu zikamayenda. Muzimupatsa moni tcheyamaniyo akudziweni dzina, zimathandiza. Chilichonse akakutumani chokhudza ndalama nenani akulembereni pa imelo, kope muzisunga kunyumba. Ngakhale kunena zoona ine mapepala ndinali nawo ena, sanandipulumutse. Chisankho chikamayandikira yambani kuponya makalata kwina mwakachetechete.