Achimwene, mbuzi zisiyeni kaye m'khola

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko ku Luchenza? Uthenga wanu ndinaumva masana, kungoti kushopu kuno ku Chitakale kunali anthu ambiri ofuna fotokope, ndiye ndinati ndiyankhe madzulo ano mtima uli m'malo. Mwafunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa mbuzi kuti mnyamata wathu asindikize buku lake la nkhani zija. Ine ndikuti ayi, mbuzizo zisiyeni kaye m'khola. Komatu musamugwetse mphwayi mwanayo. Nkhani zake ndawerenga, makamaka ija ya mayi wothyola tiyi amene amalawira kusanache, dengu kumsana, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno, kukafika pasikelo n'kumuuza kuti masamba ake ndi okhwima. Ija inandikhudza kwambiri. Luso alinalo ndithu.

Chimene ndikuopa ndi ichi. Kusindikiza buku sikovuta, ukakhala ndi ndalama ku Blantyre akusindikizira bwinobwino. Chovuta ndi kugulitsa. Alipo anthu amene anatenga ngongole, ena mpaka katapila, n'kusindikiza mabuku ambirimbiri nthawi imodzi poti amati ukachulutsa mtengo umatsika. Lero makatoni ali pansi pa bedi, ndipo mukudziwa chinyezi cha kuno kuphiri, mapepala amafufuma, nkhungu n'kumera pachikuto, chiswe n'kumalizitsa. Ngongole ili pomwepo.

Ndiye iyeyo ayambe wapeza owerenga, buku libwere pambuyo. Atumize nkhani zake kunyuzipepala. Malawi News ili ndi Tikambe, Weekend Nation ili ndi Tamvani, onsewo ndi masamba a Chichewa. Akamukana asakhumudwe, atumize ina. Apitenso ku wailesi ya Mzati konkuno ku Mulanje akafunse ngati angawerengeko nkhani imodzi. Pa Facebook aziika nkhani pang'onopang'ono, gawo lero, lina mawa, aone ngati anthu akufunsa kuti nanga zinatha bwanji. Akayamba kufunsa choncho, basi, msika wapezeka. Ena amatsegula gulu la WhatsApp, ofuna kumaliza nkhaniyo amalipira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama yoyamba ichokere kumeneko, osati m'khola mwanu.

Chinanso, alowe m'bungwe la alembi la Malawi Writers Union, azipikisana nawo akalengeza mipikisano, adziwane ndi anzake. Kulemba uli wekhawekha umadziona ngati katswiri. Ndipo asanasindikize chilichonse, apereke zolembazo kwa mphunzitsi wa Chichewa wa kusekondale, munthu wosanyengerera, azichonge ndi cholembera chofiira. Ndaona m'masamba ake mawu ena walumikiza pofunika kulekanitsa, ena walemba ngati mmene timalankhulira pamsika wa Limbuli. M'kamwa mwa anthu a m'nkhaniyo zimakoma, koma pofotokoza yekha akonze.

Zikafika posindikiza, ayambe ndi makope 50 basi. Akatha, ndalama yomweyo isindikize ena. Nambala ija ya ISBN imene imakhala kuseri kwa buku imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo akalembetsenso ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso limene lakhalapo kuyambira 1992. Izi ndikunena ine wa makina a fotokope, ndimadziwa mmene buku la munthu limachulukitsidwira mwini wake osapeza ngakhale tambala.

Mumuuzenso zoona zake: kuno kwathu ndalama zenizeni za mabuku zili m'mabuku a sukulu, amene avomerezedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Alembi ambiri amene timawamva ndi aphunzitsi, atolankhani, ena abusa, amalemba usiku akaweruka. Ndiye ntchito imene akugwira ija asasiye. Ndipo kugulitsa buku ndi miyendo, aziyenda nalo m'chikwama, m'sukulu, kutchalitchi, ngakhale ku Chonde mu Okutobala anthu akasonkhana pa Mulhako wa Alhomwe. Akhale ndi kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndalama ya buku isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Inunso abale nonse muli pagulu pano, bukuli likadzatuluka tidzagule ndi ndalama, pasadzapezeke wonena kuti ndine azakhali ake andipatse laulere. Achimwene, muuzeni abwere Loweruka ndi fulashi yake, ndimusindikizira makope atatu oti apereke kwa aphunzitsi aja. Mupereke moni kwa alamu.