Ndikasintha list imodzi inayo nayo ikusintha, zikutheka bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kwa mlongo wina amene wangoyamba kumene kuphunzira Python, chilankhulo cholembera ma program a pa kompyuta, nde funso lake ndaona kuti ndiliyankhire pano chifukwa limazunguza anthu ambiri. Akuti anali ndi list ya malikisi a ana, ankafuna yoyambayo ikhale osaikhudza nde anapanga ina yoti azisinthamo, koma atasintha yachiwiriyo anapeza kuti yoyamba ija nayo yasintha. Gawo loyamba la code yake ndi ili:

malikisi = [45, 70, 62]
atsopano = malikisi
atsopano.append(88)
print(malikisi)

Pa screen pakubwera [45, 70, 62, 88]. Nde akufunsa kuti kodi Python yanga yawonongeka, ndiichotse ndiikenso ina?

Ayi achemwali, musachotse chilichonse, Python yanu ili bwinobwino. Nkhani yonse ili pa mzere wachiwiriwo. Chizindikiro cha = sichikopera list. Ambirife tinauzidwa kuti variable ili ngati bokosi loikamo zinthu, ine fanizo limeneli sindilikonda olo pang'ono chifukwa ndi lomwe limasokoneza anthu pamenepa. Mu Python variable ndi dzina chabe lomwe mwamata pa chinthu. Mutalemba atsopano = malikisi simunapange list yachiwiri, munangopatsa list yomwe ija dzina lina, zili ngati munthu amene kunyumba amamuitana dzina lina kuntchito dzina linanso, mukamumeta tsitsi wakunyumbayo wakuntchito nayenso wametedwa poti ndi munthu mmodzi yemweyo.

Dzionereni nokha, lembani print(atsopano is malikisi), ikuyankhani True. Kutanthauza kuti mu memory muli list imodzi basi.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji ndi manambala sizichitika? Zoona, mukalemba x = 5 kenako y = x kenako y = y + 1, x amakhalabe 5. Chifukwa chake nchakuti nambala siisinthika pomwe ilipo, nde Python imapanga 6 watsopano nkusamutsira dzina la y pamenepo, x nkutsala pa 5 wake. Pomwe append siisamutsa dzina ayi, imalowa mkati mwa list yomweyo nkuwonjezeramo, nde maina onse awiri amaona kusinthako. Ndipo sanachite molakwitsa opanga Python, tangoganizani list ya zinthu mamiliyoni ikumakopedwa yonse nthawi iliyonse mwalemba =, memory ikanatha, program nkumachedwa zedi.

Chomwe mumafuna inuyo ndi ichi:

atsopano = malikisi.copy()

Apa nde mwapangadi list yachiwiri, sinthani mmene mungafunire yoyamba siigwedezeka. Mu code ya anthu ena muzionanso malikisi[:] kapena list(malikisi), ntchito yake ndi yomweyo, kungoti copy pa list inabwera mu Python 3.3 mu 2012 nde amene anayamba kale anazolowera njira zinazo. Ine ndimakonda copy chifukwa aliyense akawerenga amamva pompo zomwe ndimafuna.

Koma pali msampha wina umene mukumane nawo posachedwapa poti mukusunga malikisi. Tsiku lina mudzafuna mwana aliyense akhale ndi list yakeyake mkati mwa list yaikulu, monga kalasi = [[45, 70], [62, 88]]. Apa copy imakopera list yakunja yokha, timalist tamkatito ndi tomwe tija, nde mukasintha malikisi a mwana woyamba mu yatsopano, mu yakale nawonso asintha, vuto lomwe lija labweranso. Pamenepo lembani import copy pamwamba kenako copy.deepcopy(kalasi), imeneyi imakopera mpaka mkati.

Ndi ma function, timagawo ta code tokhala ndi dzina timene mumatiitana kuti tigwire ntchito inayake, nazonso nchimodzimodzi. Mukaipatsa function list yanu nkukapanga append kapena remove mkatimo, ikusintha list yanu yeniyeni osati kope.

Ndinaonanso kumunsi kwa code munatumiza ija mwalemba malikisi = malikisi.sort(), chonde mzere umenewo ukonzeni lero lomwe. Sort imasanja list pomwe ilipo nkubweza None, kutanthauza kuti palibe kanthu, nde inu mukutenga None uja nkumumata dzina la malikisi, list yanu nkusowa. Lembani malikisi.sort() payokha, kapena ngati mukufuna yakale ikhale mmene inalili lembani osanja = sorted(malikisi), imeneyi imakupatsani list yatsopano.