Malamulo a Chiyuda pa Nkhani ya Kugonana kwa Amuna Okhaokha

Mwafunsa ngati Ayuda onse amaletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, ndipo yankho lake n'lakuti sagwirizana chimodzi, ngakhale kuti onse amawerenga Torah (mabuku asanu oyambirira a Baibulo) imodzimodziyo. Lamulo lenileni lili pa Levitiko 18:22, pomwe Levitiko 20:13 ikuwonjezera chilango cha imfa. Komatu aphunzitsi a Talmud, mabuku akale ofotokoza malamulo a Chiyuda, anaika zoyenereza zovuta kwambiri, monga mboni ziwiri zoona ndi maso, chenjezo loperekedwa munthu asanachimwe ndiponso bwalo la oweruza 23, moti chilangochi chinali chovuta kuchigamula. Za akazi Torah sitchula mwachindunji, koma Maimonides, mphunzitsi wotchuka wa malamulo a Chiyuda wa m'zaka za m'ma 1100, analetsa mchitidwewu poutcha umodzi mwa makhalidwe a ku Igupto.

Ayuda a gulu la Orthodox, lomwe limatsatira malamulo akale mosamalitsa, akusungabe chiletsochi mpaka lero, ngakhale kuti mu 2010 atsogoleri ena a gululi anasainira chikalata chonena kuti lamulo limaletsa zochita osati chikhumbo, ndipo anthu okhala ndi chikhumbo chotere ayenera kulandiridwa mwaulemu m'masunagoge. Gulu la Reform, lomwe limalola kusintha miyambo mogwirizana ndi nthawi, linavomera kudzoza anthu otere kukhala aphunzitsi achipembedzo mu 1990.

Kwa ine, chigamulo choyenera kuchiwerenga mofatsa ndi cha mu 2006 cha gulu la Conservative, lomwe lili pakati pa magulu awiriwa, cholembedwa ndi Elliot Dorff, Daniel Nevins ndi Avram Reisner. Iwowa sanafafanize vesi la m'Levitiko, koma anati likuletsa mchitidwe umodzi wokha pakati pa amuna, ndipo ziletso zina zomwe aphunzitsi anawonjezera pambuyo pake zingachotsedwe pofuna kuteteza ulemu wa munthu. Tsiku lomwelo komiti ya gululi yoona za malamulo inavomerezanso chigamulo cha Joel Roth chosunga chiletso chonse, n'kusiyira mtsogoleri wa sunagoge aliyense kusankha chomwe atsate.