Vuto lili pansi pa coating, osati pamwamba

Achimwene, mwafunsa ngati katsukidwe ka galasi asanaliike coating (timiyalo topyapyala tokutira pamwamba pa galasi) kali ndi kanthu, popeza magalasi anu awiri anakutidwa tsiku limodzi mu chamber (chipinda cha makina okutira magalasi) imodzi, koma lina lapsa msanga pa laser (makina otulutsa kuwala kwamphamvu) ya mtundu wa Nd:YAG, linzake lili bwinobwino. Ine ndikanayambira pomwepo kufufuza.

Pozira nyumba, kamwala kakatsalira pansi dothi limatukuka pamenepo. Coating nayo n'chimodzimodzi. Kachitsotso kakakhala pagalasi, ma layer a hafnia ndi silika (zinthu zimene amapangira coating) akamasanjikizana pamwamba pake pamamera kachotupa kotchedwa nodule, kokula kuposa kachitsotsoko. Kachotupako kamasonkhanitsa kuwala malo amodzi, ngati galasi lija ana amayatsira pepala padzuwa. Pulse (kuphethira kwa kuwala) ya 1064 nm, womwe ndi muyeso wa kuwala kwa laser yanuyo, ikamenya, kamatentha, kuthothoka, n'kusiya kadzenje. Mukaliyang'ana pa microscope galasi lopsalo n'kupeza timaenje tozungulira tili apa ndi apo, ndi zimenezo.

Koma mdani wamkulu saoneka ndi maso. Posalaza fused silica, galasi lopangidwa ndi silika yekhayekha, amagwiritsa ntchito phala la cerium oxide, ndipo lina limakanirira m'timing'alu tapansi pa khungu la galasilo. Cerium amayamwa kuwala kwa UV (kosaoneka ndi maso), choncho mukatsitsira laser ku 355 nm, komwe ndi UV, zimanyanya. Mankhwala opukutira a acetone sangafikeko, olo mupukute mpaka mkono kuwawa. N'chifukwa chake ku National Ignition Facility ku Livermore, California, malo ofufuzira aja kuli laser yaikulu ya ma beam 192, magalasi a fused silica amawaviika mu asidi wa HF kuti adye kakhungu kapamwambako. Koma HF musamuseweretse, amalowa pakhungu mpaka kukafika kufupa.

Pa labu wamba chitani izi: sopo wa magalasi mu ultrasonic (beseni lotsuka ponjenjemeretsa madzi), kutsukuluza ndi madzi a DI (osefedwa, opanda michere), kuumitsa ndi nayitrojeni. Ultrasonic musaipitirize muyeso, imatha kukulitsa timing'alu tija. Potsukuluza yang'anani madziwo: akayala bwino pagalasi lonse ndiye layera, akamachita timadontho pali mafuta, mwina a zala zanu zomwe. Likauma lowetsani mu chamber msanga, osati kuligoneka patebulo mpaka mawa.

Lopsalo litayeni basi. Kupukuta ndi spiriti wa isopropyl kumangochotsa za pamwamba. Afunseni amene anakukutirani coating kuti magalasi awiriwo anasalazidwa kumalo amodzi kapena ayi, komanso lililonse linadikira nthawi yaitali bwanji litatsukidwa.